Sopo Wanga Anakhwimira M'tchalitchi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, a ku Honde kuno, a ku Chipinge, ndi inu a ku Malawi amene mwina mudabwa kuti Chinyanja changa chapindika chonchi bwanji. Mundikhululukire, ndinabadwira m'minda ya tiyi ya ku Zimbabwe ndipo lilime langa linakulira pakati pa Chimanyika, Chishona cha kuno. Lilime lomweli ndi limene linatsala pang'ono kundigonetsa panja ndi ana anga awiri. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ananditchulira mfiti chifukwa cha sopo, ndi mmene Mulungu anandisungira denga pamutu.

Bambo anga anachoka ku Thyolo ali achinyamata kudzathyola tiyi kuno, ndipo sanabwererenso. Ine ndinabadwira pa komboni, ndinakwatiwira pa komboni, mwamuna wanganso ndinamuika m'manda a pa esiteti pomwepo. Anzathu Achimanyika zikawathina amamanga katundu n'kubwerera kwawo ku Mandeya, kumene kuli minda ndi nthochi za makolo awo. Ife tilibe kumudzi. Kanyumba ka zipinda ziwiri ka pa komboni ndiko kanali kwathu konse. Ndipo mwambo wa pa komboni unali wodziwika: anthu akakukana, kapitawo amakanena ku ofesi kuti ukusokoneza mtendere, basi, makiyi ubweze. Ukapita kuti, zimenezo ndi zako.

Chinali chaka cha 2008. Amene munaliko simufuna n'kukumbutsidwa komwe. M'mashopu a ku Ruda munali mashelefu okhaokha, mbee. Anthu amakamba za njala, ndipo inalikodi, koma ine chimene chinandivula ulemu ndi kusowa sopo. Tangoganizani munthu wathyola tiyi tsiku lonse, dengu lili kumsana, thukuta likuyenderera mpaka m'zidendene, ndiye akasambe madzi okha. Zovala tinkachapira phulusa ndi masamba a papaya. Nsalu inkatha, fungo osachoka. Tsiku lina mwana wanga wamkulu, Tendai, anabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzake akukana kukhala naye pa benchi. Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Ndinamanga chitenje kuti ndikawatukwane ana amenewo pamodzi ndi amayi awo, koma nditafika pakhomo ndinadzinunkhiza ndekha. Ndinangobwerera n'kukhala pansi.

M'mawa mwake, pakati pa mizere ya tiyi, mame ali m'miyendo, ndinapemphera pemphero lochititsa manyazi. Ndinati, Ambuye, sindikupempha galimoto, sindikupempha mwamuna wina, ndikupempha sopo. Mwana wanga asasekedwe.

Yankho linabwera kudzera mwa munthu amene ine sindikanamusankha ngakhale mutandipatsa anthu awiri okha. Anali a Rozina, mayi wachikulire amene ankasesa pa shedi yoyezera tiyi. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ija, ndipo ankakhala okha kumapeto kwa komboni m'nyumba yodontha. Sankaseka ndi munthu. M'manja mwawo munali zipsera zoyera zimene aliyense ankazimasulira mwa iye yekha. Ana tinkawauza kuti asadye kanthu kochokera kwa mayi amene uja, ndipo ine ndinali mmodzi wa onenawo.

Tsiku limenelo ndikuyezetsa dengu langa, a Rozina anasiya kusesa, anandiyang'ana m'khosi, n'kunena mokweza osaopa kuti ena amva.

"Iwe make Tendai, litsiro limenelo ukufuna udzalemo chimanga?"

Ndisanawayankhe zomwe zinali pakamwa, anatsitsa mawu. "Tola mapeyala akugwa okha aja, ubwere nawo kwanga Loweruka. Tipange sabau."

Sabau ndiye sopo m'kalankhulidwe ka kwawoko. Anati anaphunzira ali mtsikana, akugwira ntchito kwa masisitere ku mishoni. Ine mtima unati ayi. Munthu amene sanandipatsepo moni zaka zonsezi, lero wayamba liti kundifunira zabwino? Ndipo adziwa bwanji kuti m'mawa womwewu ndapempherera sopo? M'malo moti ndione dzanja la Mulungu, ndinaona munthu womva zimene ena samva. Ndinaganiza zambiri, mpaka kuti mwina akufuna mmodzi wa ana anga. Komabe Loweruka ndinapita ndi thumba la mapeyala pamutu, kabuku ka nyimbo za kutchalitchi nditakamangirira m'chitenje ngati chishango.

Ntchito yake sinali ya tsiku limodzi. Mapeyala akupsa tinawakanya n'kuwayala pa lata padzuwa mpaka anada, kenaka n'kuwafinya pansalu kuti mafuta obiriwira adonthe. Nsatsi tinazikazinga, kuzisinja, kuziwiritsa, n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Mafuta a ng'ombe ndinakawapeza ku Mandeya kwa bambo wina amene anapha ng'ombe yothyoka mwendo, ndinamulimira m'nthochi masiku awiri. Amenewo tinawasungunula n'kuwasefa kawiri mpaka anayera. Nthawi yonseyi a Rozina akandipatsa madzi akumwa ndinkati ndilibe ludzu, mmero uli gwa. Iwo ankaona zonsezi.

Tsiku losakaniza anati tichitire kwanga, chifukwa sopo safuna chinyezi ndipo kwawo kunkadontha. Linali Loweruka masana. Anafika ndi botolo la soda wa kositiki, woyera ngati mchere wa miyala, amene m'bale wawo wina anawabweretsera kuchokera kutsidya kwa malire. Anabweranso ndi kasikelo kakale ndi malamulo ambirimbiri. Ana achoke. Poto wa aluminiyamu asayandikire, tigwiritse ndowa ya pulasitiki. Manja tivale mapepala a pulasitiki. Tiime kumbali kumene mphepo ikuchokera. M'malo mwa madzi wamba anafuna tiyi wakuda bii amene ndinaphika dzulo lake, atazizira. Anayeza mafuta, anayeza soda, kenaka anathira sodayo pang'onopang'ono m'tiyi muja, akuti nthawi zonse soda ndiye amapita m'madzi, osati madzi mu soda.

Abale, tiyi wozizira uja anayamba kufuka nthunzi. Ndinakhudza ndowa kunja, inali yotentha ngati yachoka pa mafuwa, pamene moto panalibe. Ndinalumpha chammbuyo n'kukuwa, "Yesu wanga!"

"Usamutchule pachabe," anatero a Rozina osandiyang'ana. "Soda ndi choncho. Zipsera izi ukuziona ngati ndinazitenga kuti?"

Mtima wanga sunakhazikike. Madzi aja atazizirako kufika pofunda chabe, tinawathira m'mafuta n'kuyamba kutakasa ndi mthiko watsopano. Sopo ameneyu saphika pamoto, amagwirana yekha, koma kutakasa kwake n'kothyola mapewa. Tinkasinthana, dzuwa mpaka kupendeka. Pomaliza zinakhuthala ngati phala la mwana, moti ukadonthetsa kuchokera pa mthiko, mzere unkatsala pamwamba osamira. Apo a Rozina anati zatheka. Tinathira m'bokosi la matabwa loyalamo pulasitiki, n'kulifunditsa bulangete.

Pochoka anandisiyira malangizo. Masiku awiri ndisavundukule. Kenaka ndidule ndi waya, ndiyale zidutswazo pa thandala pamalo opita mphepo, ndizizitembenuza. Pafunika masabata asanu ndi limodzi kuti sopoyo akhwime, chifukwa wosakhwima amawotcha khungu. "Ndipo usauze munthu kuti ndi sopo," anatero. "Ndi mmene anthu akumusowera pano, akubera akadali wamuwisi, apsa, ndipo woipa ukhala iwe."

Lolemba ndinadula. Zidutswa zake zinali zofiirira, zofewa ngati chinangwa chophika, ndipo ndinaziyala pa kathandala ka nsungwi kuchipinda. Ndinasangalala, ndipo kusangalala kwanga kumathamangira pakamwa.

Lachinayi tinali pa msonkhano wa amayi kutchalitchi. Titamaliza kupemphera, a Nachisale, oyandikana nawo nyumba, anandifunsa pagulu ndi mawu aja otsekemera kunja kokha. "Make Tendai, masiku ano mwapeza chinzake kumapeto kwa komboni. Kukuchitika zotani kumeneko, tiuzeniko anzanu."

Ndinafuna kuwapweteka mtima pang'ono popanda kuulula za sopo. Ndinati, "Musade nkhawa amayi, ine ndi a Rozina tikukhwima. Kwatsala masabata asanu. Zikatheka simudzandionanso ndili chonchi, mudzabwera nokha kudzandipempha."

 Mayi wina amene anali pafupi nane anasuntha n'kukokera chitenje chake kwa iye. Ine ndinaona ngati ndi nsanje, ndinatuluka ndikunyada.

Apa mundimvetse. Ine kukhwima ndinkakudziwa kwa chimanga, kwa maungu, kwa nthochi, ndipo tsopano kwa sopo. Bambo anga anali munthu wopemphera, nkhani zina za kumudzi sankalola kuti zitchulidwe m'nyumba mwawo, ndipo kusukulu tinkalankhula Chishona. Sindinkadziwa kuti kwa akuluakulu obadwira ku Malawi, munthu akati akukhwima ndiye kuti wapita kwa sing'anga kukatenga zitsamba zolemeretsa, zija amati zimafuna moyo wa m'bale wako. Ine ndinanena zimenezo ndi pakamwa panga, m'nyumba ya Mulungu, ndili mkazi amene mwamuna wake anamwalira atangodwala masiku ochepa. Pofika madzulo komboni yonse inali itadziwa chimene chinapha bambo a Tendai.

Lachisanu pobwera kumunda ndinaona kuti pa thandala pali mpata, chidutswa chimodzi palibe. Loweruka m'mawa a Nachisale anatuluka m'nyumba nkhope ili psuu, yotupa, khosi likusupuka. Anakhala pa mpopi n'kumauza aliyense wobwera kudzatunga madzi kuti analowa kwanga kukabwereka sefa, anapeza zinthu zachilendo zitandandalikidwa kuchipinda, anangokhudza chimodzi ndi chala, ndiye taonani. Ndinatuluka kuti ndiwafunse kuti sefa yanga imakhala kuchipinda chogona kuyambira liti, koma amayi onse anatola zidebe zawo n'kumwazikana ngati kwagwa njoka.

Lamulungu mapemphero atatha, a Mbewe anati mpingo usabalalike. A Mbewe anali mkulu wa mpingo wathu, komanso ndiwo anali kapitawo wa komboni, ndiye mawu awo ankafika kumwamba ndi ku ofesi komwe. Amuna awiri anatumidwa kwanga, anabwera ndi thandala lonse atakulunga manja m'masaka, n'kuliika kutsogolo. Anandiimika pambali pake.

Ndinati, "Abale, uyu ndi sopo."

Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Sopo wanji wowotcha nkhope? Sopo wanji wopanga popanda moto? Bambo wina kumbuyo anati ngati ndi sopo ndisambe pomwepo anthu aone. Ndinadziwa kuti ndikatero ndipsa pamaso pawo, ndiye ndinati sizingatheke lero chifukwa sanakhwime. Ha! Ndinali ndathira palafini pamoto. Anthu anaimirira, wina anayambitsa nyimbo yothamangitsa Satana. A Mbewe anakweza dzanja kuti kukhale bata, ndipo apo ndi pamene anandifunsa ngati ndikudziwa tanthauzo la mawu amene ndikuwabwerezawo. Anandimasulira. Ndinalumbira kuti sindinkadziwa, koma ndani akanandikhulupirira?

"Mai," anatero a Mbewe, "ine sindikufuna kuona ana amasiye ali pamsewu. Koma anthu ali ndi mantha, ndipo mawa ndiyenera kukanena ku ofesi. Tiuzeni choona, m'zinthu izi munathira chiyani?"

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Ndinkadziwa zonse zimene zinalowamo, mafuta ake ndinafinya ndekha. Koma ndinaona Tendai ndi mng'ono wake atakhala pa benchi, ndinaona msewu wa ku Ruda, ndipo kukayikira kuja kumene ndinakusunga mumtima kuyambira tsiku loyamba kunatuluka. Ndinati, "Ine sindikudziwa bwino zimene anathiramo. Ndinaona madzi akutentha popanda moto. Afunseni a Rozina, ndiwo eni ake."

Anthu anatembenukira kumbuyo, inenso ndinatembenuka. A Rozina anali ataima pakhomo. Sanali a mpingo wathu, ankapemphera kwa Akatolika, koma anamva kuti thandala latengedwa ndipo anabwera. Mawu anga onse anawamva.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anaima pamaso pa a Nachisale.

"Mai, mwati munakhudza ndi chala? Tationetsani chalacho."

Chala chinali bwinobwino.

"Nanga nkhopeyi? Nanga khosili? Takwezani mkono."

A Nachisale anakana, koma amayi amene anali pambali pawo anali ataona kale mmene ankayendera, mikono ili tang'a ngati nkhuku yomva kutentha.

"Munthu wongokhudza ndi chala amapsa m'khwapa?" anafunsa a Rozina.

Wina anaphulika kuseka, kenaka ena. A Nachisale anagwira kumaso n'kuyamba kulira. Anavomera kuti analowa kudzasuzumira, ananunkhiza chidutswa, anachinyowetsa, chinachita thovu, ndipo iwo anali atatha miyezi osasambira sopo. Anapita nacho kubafa n'kudzikhula thupi lonse. Ndinali nditawakonzera mawu oti sakanawaiwala, koma nditawaona akulira choncho ndinawameza. Ndikanakhala ine, mwina ndikanachita chimodzimodzi.

Musaganize kuti nkhani inathera pamenepo. Anthu anati chabwino, anasambira, koma n'chifukwa chiyani anapsa? Ena anati chimenecho ndi chinyengo cha mdierekezi, chimaoneka ngati sopo kuti chikole anthu. Amuna anati zinthuzo zitenthedwe pabwalo ndipo ine ndichoke. A Rozina anatembenukira kwa a Mbewe.

"Bambo, musatenthe. Tsekerani m'kachipinda kanu ka kuseri kwa guwako, kiyi musunge inuyo. Muzizitembenuza pakapita masiku atatu, zenera likhale lotsegula pang'ono. Pakatha masabata asanu tidzabwere tonse. Ngati ndi za Satana, m'nyumba ya Mulungu sizingakhalemo bwino. Zikadzawotcha munthu, mudzathamangitse ine, osati wa ana uyu. Ine kuthawa ndinakuzolowera."

 A Mbewe anati ku ofesi sapita mpaka masabata asanuwo akwane.

Abale, masabata amenewo sindiwafunira munthu. Pa mpopi ndikafika, nkhani inkatha. Kumunda anzanga ankasiya mzere umodzi pakati pa iwo ndi ine. Tendai, amene ndinayambira zonsezi kuti asasekedwe, tsopano ankamutcha mwana wa mfiti, ndipo tsiku lina anandifunsa ngati n'zoona kuti ndinapha bambo ake. Ndinamumenya, kenaka ndinamukumbatira, tonse tikulira. Kawiri konse ndinalongedza ziwiya m'thumba n'kumasulanso, chifukwa ndikafunsa mtima kuti tikulowera kuti, yankho panalibe.

Ndipo kukayikira sikunandisiye. Nanga ngati a Rozina analakwitsa muyeso, sopoyo n'kudzawotchabe? Nanga ngati wina alowa m'kachipindamo n'kuthiramo zake? A Mbewe ndinkawakayikira, a Nachisale ndinkawakayikira, ndi a Rozina omwe, munthu amene anaika nyumba yake pachiswe chifukwa cha ine, ndinkawayang'anabe ndi diso la m'mbali. Ndimachita manyazi kunena, koma ndi mmene ndinalili. Tsiku lina pa sikelo ndinadzikakamiza, ndinayandikira n'kunong'ona kuti, "Amayi, zija ndinanena m'tchalitchi zija..." Iwo anangoti, "Yezetsa dengu, anthu akudikira."

Kupemphera kwanga kunasintha. Ndinasiya kumuuza Mulungu zochita. Ndinkangoti, Ambuye, Inu mukudziwa zimene zili m'kachipinda kaja ndi zimene zili mumtima mwanga, zonse ziwiri sindingazifulumizitse. Ndipatseni mphamvu ya lero lokha. Ndipo mphamvu ya tsiku limodzi inkabweradi, mawa lake ndikapemphenso ina.

A Mbewe anasunga pangano. Mkazi wawo anadzandiuza pambuyo pake kuti sabata yoyamba ankatembenuza zidutswazo ndi kamtengo, atayamba apemphera. Sabata yachitatu anayamba kugwira ndi manja. Ine ndinawaona tsiku lina akutuluka m'tchalitchi akununkhiza zala zawo, ndipo atandiona anabisa dzanja m'thumba.

Lamulungu lomaliza tchalitchi chinadzaza kuposa pa Khirisimasi, ngakhale amene sankapemphera anabwera kudzaona mfiti ikugwidwa. Thandala linatulutsidwa. Zidutswa zija zinali zitauma, zitawalako mtundu, ndipo a Rozina atagundanitsa ziwiri zinalira ngati matabwa. Anafotokoza kuti sopo amamuyesa ndi nsonga ya lilime: wosakhwima amaluma ngati wakubaya ndi singano, wokhwima amangomveka sopo basi. Anayesa pa lilime lawo n'kugwedeza mutu. Kenaka, koyamba chichitikire zija, anandiyang'ana m'maso n'kundipatsira chidutswacho.

Ndinadziwa chimene ankandifunsa. Ine amene ndinkakana madzi a m'nyumba mwawo, ndiike pakamwa chinthu chochokera m'dzanja lawo, anthu onse akuona.  Ndinatseka maso n'kugunditsa lilime. Sanalume.

Beseni la madzi linabwera, koma wosamba panalibe, aliyense ankakankha mnzake. A Mbewe anavula jekete, anapinda malaya, anatenga chidutswa n'kuyamba kusamba m'manja. Thovu linatuluka loyera, lambiri, madzi anada bii. Anadikira, ife tonse maso ali pa manja awo. Kenaka anawerama n'kusamba kumaso, m'khosi, mpaka kuseri kwa makutu. Anadzipukuta, anadikiranso, n'kuyang'ana mpingo.

"Abale, uyu ndi sopo. Ndipo ndi wabwino kuposa wa kushopu uja tinamuiwala." Anatembenukira kwa ine. "Mai, nyumba ndi yanu, ku ofesi sindipita. Koma chonde, tsiku lina muzidzangoti sopo akuuma."

Anthu anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke. Ndinagwada pa simenti pomwepo n'kulira mokweza, ndikuti zikomo Ambuye, zikomo, ana anga agona m'nyumba. Amayi aja amene ankathawa mzere wanga ndi amene anayamba nthungululu. Sopoyo tinamuduladula tizidutswa, banja lililonse linatengako, pakuti nthawi imeneyo mbiri ya kolera inali itayamba kumveka ndipo aliyense ankafuna chosambira m'manja. Amayi ena anapempha kuti aphunzire nawo, ndipo mpaka lero pa komboni pathu mapeyala akugwa saola pansi.

Ndikanakonda kuthera pamenepa, koma umboni wanga sunakwane. Patapita miyezi ingapo, ku ofesi anati a Rozina akalamba, ntchito yosesa yatha, ndipo nyumba yawo ikufunika. Anthu amene ankasambira sopo wawo palibe anatsegula pakamwa. Ena ankanong'onabe kuti sopo ndi sopo, koma mayi uja sitikumudziwa bwino. Ine ndinamva mochedwa ndili kumunda. Ndinasiya dengu pamzere n'kuthamanga, ndinawapeza pa siteji ya basi atakhala pa kamtolo kawo. Nditawafunsa kuti akupita kuti, anati aona basi ikabwera.

Sindinapemphe, ndinalanda kamtoloko n'kukasenza. "Amayi, tiyeni kunyumba."

"Iwe suopa?" anandifunsa.

Ndinati, "Ndinaopa kale, ndipo ndinakuperekani. Sindibwerezanso."

Anadzuka n'kunditsatira. Pa komboni ena anasiyanso kundipatsa moni chifukwa chosunga mayi ameneyu, koma ulendo uno sindinalongedze ziwiya.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la sopo ndipo sanaliseke. Inu amene lero anthu akukunong'onezani, amene mukudikira chinthu chimene simungachifulumizitse, musataye mtima ndipo musathawe tsiku lisanafike. Pemphani mphamvu ya lero, mawa mudzapemphenso. Koma ndikupemphaninso ichi: thandizo likabwera ndi nkhope imene simukuikonda, musachite zimene ndinachita ine. Munthu amene ndinamuloza chala pamaso pa mpingo ndi amene anaima pakati pa ana anga ndi msewu. Sanandiuzepo kuti ndakukhululukira, ndipo nkhani ija sanaitchulenso. Anangokhala nafe, kumakalipira ana anga ngati adzukulu awo, mpaka tsiku limene Ambuye anawaitana. Anatsirizikira m'nyumba yomwe anandipulumutsira, ndipo amene anawatseka maso ndine.

Ambuye akusungeni nonse, ndi madenga anu omwe. Ameni.